Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Anandiitana chifukwa ndimadziwa misewu.
Zaka makumi atatu ndikuyendetsa basi mu Milwaukee,
ndinkadziwa mwana aliyense wotsikira pa Burleigh,
mayi ake, ndi sabata imene lendi imawafinya.
"Bodi yathu ikusowa munthu ngati inu, Mayi Odessa,"
anatero Marisela, mkulu wa bungwe lophunzitsa ana kusambira.
Ndinavomera ndisanavule n'komwe jekete.

Msonkhano woyamba: khofi wopola, mulu wa mapepala.
Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri
panali mzere umodzi wosapsatira mawu:
membala aliyense apereke, kapena akapeze,
madola zikwi zitatu Juni asanathe.
Loya uja, Bambo Lindqvist, analemba cheke
uku akufunsa ngati mabisiketi atsalako.
Dzanja lake silinanjenjemere.
Ine ndinawerengera penshoni yanga kunsi kwa tebulo.
Ndalama zinatha, zala zinatsala.

Walira mvula walira matope.

Usiku kukhitchini ndinandandalika mayina.
Renaldo, ntchito inamuthera mu Novembala. Ndinafufuta.
Mchemwali wanga Verna, impso zikumudyera zonse. Ndinafufuta.
Abusa? Denga la tchalitchi likudontha.
Pepala lonse linangoti bii ndi inki.

Ndinaimbira Clementine.
Tinakamba za chipale chofewa chounjikana pakhomo,
za bondo lake, za mdzukulu amene wayamba kumeta ndevu.
Mawu aja anakwera mpaka pakhosi n'kukhala pansi
ngati munthu woiwala potsikira.
"Chabwino, ugone bwino."
Mphindi makumi anayi, osapempha ndi senti yomwe.
Ine amene ndinkatsitsa zidakwa m'basi ndi diso lokha,
lero kuopa kamawu kamodzi: ndithandize.

Pali chimene sindinauze bodi.
Mlongo wanga Alvin anamira mumtsinje
ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Tinaima pamtunda, atatu, tikukuwa.
Kwathu kunalibe wodziwa kusambira.

Choncho ndinapita kudepoti folo koloko m'mawa,
mainjini akutsokomola m'chisanu,
nditanyamula chitini chakale cha khofi.
Sindinawerenge kapepala kamene Marisela anandilembera.
Ndinangotchula dzina la Alvin mokweza,
koyamba chimwalirire mayi athu.
Kunangoti zii.
Kenako Dragan, amene sitinalankhulanepo bwino chiyambire,
anaponyamo madola makumi awiri osandiyang'ana.
Wina asanu. Wina khumi, opindika ngati fodya.
Mtsikana wotsuka mabasi anakhuthula masiliva a m'thumba
nati, "Wanga amaopa ngakhale madzi a m'bafa.
Amalembetsa kuti?"

Ndinabwererako Lachiwiri lililonse mpaka ayezi atasungunuka.

Juni. Ndinakhuthula chitini patebulo losalala lija.
Chikwi chimodzi, mazana awiri ndi khumi ndi anayi.
"Sizinakwane," ndinanena ndekha, asanandiuze.
Msungichuma anawerenga kawiri, akunyowetsa chala,
nalemba nambalayo ndi inki yofiira pafupi ndi dzina langa.
Lamulo ndi lamulo, sindinamukwiyire.
Marisela anangofunsa za pepala linamatidwa pachitini.
Mayina makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu, ndi mafoni awo.
Analisita ndi chikhatho pang'onopang'ono.

Ndinakweza dzanja.
Ndinati tsamba lachisanu ndi chiwiri
limatha kuwerenga madola koma silitha kuwerenga anthu,
ndipo likapitiriza chonchi
pampando uwu padzangokhala okhawo olemba cheke akutafuna.
Bambo Lindqvist anafiira makutu,
nati mfundo yamveka, koma madzi a m'dziwe salipiridwa ndi mayina.
Sananame.
Nkhaniyo anaikankhira ku Seputembala.

Potuluka ndinadzera kudziwe.
Fungo la mankhwala linandilasa m'maso.
Mwana wa mtsikana wotsuka mabasi uja
anali atakakamira khoma ndi manja onse awiri,
mphunzitsi akumuuza, "Chibwano chokha. Viika chibwano chokha."
Ndinaima pamenepo ndi chitini chopanda kanthu kukhwapa
kudikira kuti aviike.